Mbiri ya Makiri Mwana wa Manase ndi Mbumba Yake ya Matsidya Awiri a Yordano

Mwa makolo amene mabuku oyambirira a Baibulo amawatchula, Makiri mwana wa Manase ndi mmodzi wa iwo amene malemba sanasunge mawu ngakhale amodzi otuluka m'kamwa mwawo, komabe dzina lake linakhala pa dziko lalikulu la matsidya onse awiri a mtsinje wa Yordano kwa zaka mazana angapo. Iye anali mwana wachisamba wa Manase, ndipo Manaseyo anali mwana wachisamba wa Yosefe, wobadwira ku Igupto mwa Asenati, mwana wa Potifera wansembe wa mzinda wa Oni. Buku loyamba la Mbiri limawonjeza kuti mayi wa Makiri anali mkazi wamng'ono wa Manase wochokera kwa Aaramu, kotero kuti munthu amene mbumba yake inadzakhala pamalire kulimbana ndi Aaramu kwa mibadwo yambiri anali ndi magazi a Aaramu omwewo. Mbiri ya banja ili siimveka bwino ikawerengedwa ngati kaundula wa ana obadwa m'nyumba imodzi, pakuti kwa Aisraeli akale mndandanda wa makolo unali umboni wa eni malo, ndipo maina ambiri amene analembedwa monga ana ndi adzukulu a Makiri analinso maina a zigawo, mizinda ndi minda.

Chimodzi mwa zochepa zimene zimakambidwa za masiku a moyo wake chili kumapeto kwa buku la Genesis, pamene akuti Yosefe, amene anakhala ndi moyo zaka 110, anaona ana a Makiri ndi kuwalandira pamaondo pake. Kulandira mwana pamaondo unali mwambo womuvomereza kuti ndi wa m'nyumba ya womulandirayo, monga momwe Rakele anafunira kuchitira ana a mdzakazi wake Biliha, ndiponso monga Yakobo anachitira ndi Efraimu ndi Manase pamene anawayesa ana ake enieni olingana ndi Rubeni ndi Simeoni. Pamalo omwewo wolemba amanenanso za zidzukulu za Efraimu koma osatchula dzina la mmodzi yemwe, pamene kumbali ya Manase dzina la Makiri lilipo, ndipo ichi n'chizindikiro chakuti m'masiku amene nkhaniyi inkakambidwa, a Makiri anali anthu olemera mbiri amene kunali koyenera kuwasonyeza poyera kuti ndi a m'nyumba ya Yosefe. Ukulu wa Manase unali utachepetsedwa kale pamene Yakobo anapingasa manja ake n'kuika lamanja pamutu pa Efraimu, mng'onoyo, choncho ulemu umene unatsalira nyumba ya mkuluyo unadzera mwa Makiri.

Mtundu wa Israeli unkagawika m'mafuko, fuko lililonse n'kugawika m'mabanja akuluakulu okhala m'chigawo chimodzi, ndipo pansi pa banja lalikulu panali nyumba ya atate, kutanthauza mwamuna ndi ana ake aamuna, akazi awo ndi adzukulu. Pa kalembera wachiwiri wa m'buku la Numeri, amene anachitikira m'zidikha za Mowabu, fuko la Manase linapezeka ndi amuna 52,700 oyenera nkhondo, kuchoka pa 32,200 a kalembera woyamba, pamene Efraimu anatsika kuchoka pa 40,500 kufika pa 32,500. Mndandanda wa kalemberayo umaika fuko lonse la Manase m'chiuno mwa munthu mmodzi, pakuti umati Manase anabereka Makiri, Makiri anabereka Gileadi, ndipo mwa Gileadi munatuluka mabanja asanu ndi limodzi: la Abiezere, la Heleki, la Asirieli, la Sekemu, la Semida ndi la Heferi. Buku la Yoswa limatchula mabanja omwewo koma limawayesa ana ena a Manase oima pambali pa Makiri, osati zidzukulu zake, ndipo buku loyamba la Mbiri limasanjanso mwina, pakuti kumeneko Abiezere ndi mwana wa mkazi wotchedwa Hamoleketi, ndipo Sekemu ndi mwana wa Semida osati mbale wake. Kusiyana kumeneku sikuyenera kutengedwa ngati kusasamala kwa alembi. Banja likakula mphamvu linkakwera m'mndandanda, likafooka kapena kulowa pansi pa linzake linkatsika n'kuyesedwa mwana wa linzakelo, ndipo mndandanda uliwonse mwa itatuyi ukusonyeza momwe zinthu zinalili m'nthawi yakeyake.

Gileadi, amene akutchedwa mwana wa Makiri, ndi dzina la dziko lamapiri la kum'mawa kwa Yordano, m'dziko limene lero ndi Jordan. Mtsinje wa Yaboki, umene masiku ano umatchedwa Zarqa, umalidula pakati, ndipo kumpoto kwake mtsinje wa Yarmuk umalisiyanitsa ndi chidikha chachonde cha Basani. Mapiri ake amakwera kupitirira mamita 1,000, amalandira mvula yokwanira, ndipo kale anali ndi nkhalango zowirira ndi msipu wabwino wa nkhosa ndi ng'ombe. Kunkachokeranso utomoni wonunkhira wopangira mankhwala, umene amalonda ankapita nawo ku Igupto. Amalonda a Chiismaeli amene anagula Yosefe kwa abale ake ankachokera ku Gileadi komweko ndi ngamira zosenza katundu wotere. Njira yaikulu ya malonda yochokera ku Damasiko kupita kum'mwera inkadutsa m'mphepete mwa dzikoli, ndipo ichi ndicho chinalipatsa chuma, ndicho chinalisandutsanso bwalo la nkhondo.

Buku la Numeri limati ana a Makiri anapita ku Gileadi, nalanda dzikolo, napirikitsa Aamori amene ankakhalamo, ndipo Mose analipereka kwa Makiri. Buku la Yoswa limafotokoza kuti analandira Gileadi ndi Basani chifukwa anali munthu wankhondo. Popeza Makiri anali kale ndi ana Yosefe ali moyo, n'zoonekeratu kuti wotchulidwa pano si munthuyo koma banja lotchedwa ndi dzina lake. Mafuko a Rubeni ndi Gadi anapempha malo a tsidya lija chifukwa cha ziweto zawo, koma a Makiri akusonyezedwa ngati anthu amene sanapemphe, anangodzitengera ndi lupanga, chivomerezo cha Mose n'kubwera pambuyo. Pamodzi nawo pakutchulidwa amuna ena awiri: Noba, amene analanda Kenati ndi midzi yake nautcha dzina lake lomwe, ndi Yairi, amene analanda midzi imene inadzatchedwa Midzi ya Yairi.

Nkhani ya Yairi ndiyo imaonetsa bwino momwe malo ankakokera munthu m'mndandanda. Buku la Numeri limamutcha mwana wa Manase, koma buku loyamba la Mbiri limati Hezironi, mdzukulu wa Yuda, ali ndi zaka 60 anakwatira mwana wamkazi wa Makiri, ndipo mkaziyo anamuberekera Segubu, amene anabereka Yairi. Mwa mwambo wa Aisraeli, umene unkatsata kuchimuna, Yairi anayenera kukhala wa fuko la Yuda, koma popeza midzi yake inali m'dziko la kwawo kwa agogo ake aakazi, anawerengedwa pamodzi ndi a Makiri. Chiwerengero cha midziyo nacho chimasinthasintha: Mbiri imati inali 23, buku la Oweruza limakamba za woweruza Yairi Mgileadi amene anatsogolera zaka 22 ndipo anali ndi ana aamuna 30 okwera pa abulu 30 ndi olamulira midzi 30, pamene mabuku ena amaiphatikiza ndi mizinda 60 ya ku Basani. Dziko la pamalire limakula ndi kuchepa malinga ndi nkhondo, ndipo Mbiri imanena mosabisa kuti pambuyo pake Agesuri ndi Aaramu analanda midzi ya Yairi pamodzi ndi Kenati.

Mlandu umene unatchukitsa banja ili koposa unadzera mwa akazi. Heferi anabereka Zelofehadi, amene anamwalira m'chipululu wopanda mwana wamwamuna, nasiya ana aakazi asanu: Mala, Nowa, Hogila, Milika ndi Tiriza. Kalembera atatha, pamene zinadziwika kuti dziko lidzagawidwa molingana ndi maina a amuna owerengedwa, akazi asanuwa anakaima pakhomo la chihema chokomanako, pamaso pa Mose, wansembe Eleazara, akalonga ndi khamu lonse, ndi kuyala dandaulo lawo. Anayamba ndi kuchotsa chimene chikanawagwetsa, ponena kuti atate awo sanali m'gulu la Kora limene linaukira, koma anafa imfa ya uchimo wawo wokha monga ena onse a mbadwo umenewo. Kenaka anafunsa chifukwa chimene dzina la atate awo liyenera kufafanizidwira m'banja pa chifukwa chokha chosowa mwana wamwamuna. N'koyenera kuzindikira kuti sanadandaule za umphawi wawo kapena za ufulu wa akazi monga umamvekera lero, koma anaimika mlandu wawo pa dzina la womwalirayo, podziwa kuti m'bwalo limenelo dzina lopanda munda linali dzina lakufa. Mose anapita nayo nkhaniyi kwa Yehova, ndipo chigamulo chinali chakuti akaziwo akunena zoona. Pamenepo panakhazikitsidwa lamulo la cholowa lotsata ndondomeko iyi: munthu akafa wopanda mwana wamwamuna cholowa chipite kwa mwana wamkazi, ngati palibe chipite kwa abale ake a womwalirayo, ngati palibenso chipite kwa abale a atate ake, ndipo pomaliza kwa wachibale wapafupi wa m'banja lomwelo.

Chigamulocho sichinathetse nkhani, pakuti akuluakulu a banja la Gileadi mwana wa Makiri anabwera ndi dandaulo lawo, limene ndilo limatseka buku la Numeri. Iwo anaona kuti akaziwa akakwatiwa ku fuko lina, ana awo adzakhala a fuko la atate awo, minda idzapita nawo, ndipo ngakhale chaka choliza lipenga, chimene chinkabwera pakatha zaka 49 kuti minda yogulitsidwa ibwerere kwa eni ake, sichidzaibweza, popeza chinkabweza zogulitsidwa osati zolandira mwa cholowa. Nawonso anauzidwa kuti akunena zoona, ndipo lamulo linawonjezedwa kuti mkazi wolandira cholowa akwatiwe ndi amene wamukonda, koma wa m'fuko la atate ake. Ana a Zelofehadi anakwatiwa ndi ana a abale a atate awo. Kwa Mchewa ukwati wotere ndi wodabwitsa, chifukwa ana a atate aakulu kapena aang'ono ndi alongo enieni ndipo woyenera kumangitsa naye banja ndi msuweni, komanso kumene malo amatsata kuchikazi vuto la akuluakulu a Gileadi silikanabuka m'njira imeneyi. Koma kwa anthu otsata kuchimuna, mwana wa mbale wa atate ndiye anali mwamuna amene sakanatulutsa munda m'banja.

Dziko litayamba kugawidwa, akazi asanuwa anakaonekeranso kwa Eleazara ndi Yoswa kukakumbutsa za lonjezolo, ndipo anapatsidwa malo pakati pa abale a atate awo. Buku la Yoswa limati Manase analandira magawo 10 kumadzulo kwa Yordano, osawerengera Gileadi ndi Basani, ndipo chiwerengerochi chimakwanira pokhapokha banja la Heferi litachotsedwa, m'malo mwake n'kuikamo zidzukulu zake zisanu pambali pa mabanja asanu a amuna. Izi zikutanthauza kuti aliyense wa akaziwa akuwerengedwa ngati banja lathunthu lolingana ndi Abiezere kapena Sekemu, chinthu chimene sichikanatheka akanakhala chabe ana amasiye ogawana munda wa munthu mmodzi. Pali chinthu chinanso chofunika kuchiona: ngakhale akutchedwa zidzukulu za Gileadi, malo awo onse ali kumadzulo kwa mtsinje, kutali ndi dziko la Gileadi.

Chinsinsi cha kusokonekera kumeneku chingapezeke m'nyimbo ya Debora ya m'buku la Oweruza, imene akatswiri ambiri amaiyesa imodzi mwa ndakatulo zakale kwambiri za Chihebri. Nyimboyo imatamanda amene anatsikira kunkhondo yolimbana ndi Sisera ku Taanaki pafupi ndi madzi a Megido, ndipo imatchula Efraimu, Benjamini, Makiri, Zebuloni, Isakara ndi Nafitali. Imadzudzula Rubeni, Gileadi, Dani ndi Aseri chifukwa chokhala kwawo. Dzina la Manase mulibemo. Makiri akuima payekha ngati fuko lotumiza atsogoleri ankhondo, pakati pa mafuko a kumadzulo, pamene Gileadi, amene mindandanda imamutcha mwana wake, ali gulu lina limene linatsalira tsidya lija la Yordano. Pachifukwa ichi akatswiri ena, monga Martin Noth wa ku Germany, anaphunzitsa kuti dziko la Gileadi linadzazidwa ndi anthu owoloka kuchokera kumapiri a kumadzulo, ndi kuti a Makiri poyamba ankakhala kumadzuloko, kenaka ambiri a iwo anawoloka, dzina la Manase n'kutsala likuphimba amene anatsalira. Pali zizindikiro zina zogwirizana ndi ganizoli: buku la Yoswa limasimba za ana a Yosefe akudandaula kuti malo awachepera ndipo akuuzidwa kukagwetsa nkhalango, nkhalango imene Abisalomu anaferamo kum'mawa kwa Yordano inkatchedwa nkhalango ya Efraimu, ndipo Aefraimu ponyoza Agileadi ankawatcha othawa kwawo. Ngati zinatero, mawu akuti Makiri anabereka Gileadi akunena za anthu amene anatsegula dziko ndi nkhwangwa, ndipo mawu akuti Manase anabereka Makiri akunena za fuko lakale limene linalowa pansi pa linzake.

Mtsinje umene unadutsa pakati pa banjali sunachedwe kubala kukayikirana. Buku la Yoswa limasimba kuti ankhondo a kum'mawa pobwerera kwawo anamanga guwa lalikulu m'mbali mwa Yordano, ndipo abale awo anatsala pang'ono kuwathira nkhondo, mpaka iwo atafotokoza kwa Finehasi kuti guwalo silinali la nsembe koma mboni, poopa kuti mawa ana a kumadzulo adzauza ana awo kuti Yordano ndi malire ndipo alibe gawo mwa Yehova. Mantha amenewo sanali opanda pake. Gideoni, wa banja la Abiezere ku Ofira, pothamangitsa Amidiyani anapempha buledi kwa anthu a ku Sukoti ndi Penueli tsidya lija, iwo anamukaniza, ndipo pobwerera anakwapula akuluakulu a Sukoti ndi minga nagwetsa nsanja ya Penueli. M'masiku a Yefita Mgileadi zinafika poipa kwambiri, pakuti Agileadi anatchinga madooko a Yordano ndi kupha Aefraimu othawa, amene buku la Oweruza limawawerenga 42,000.

Kuyesa koyamba kukhazikitsa ufumu mu Israeli kunachokeranso m'mbumba imeneyi. Gideoni, amene poitanidwa anadzitcha wamng'ono wa m'banja losauka la Manase, anakana pamene anthu anamupempha kuti awalamulire iye ndi mwana wake ndi mdzukulu wake, ngakhale kuti moyo wake pambuyo pake, wa akazi ambiri ndi ana aamuna 70, unali wachifumu m'zonse kupatula dzina. Mwana wake Abimeleki, wobadwa mwa mkazi wamng'ono wa ku Sekemu, anapita kwa amalume ake nawakumbutsa kuti iye ndi fupa lawo ndi mnofu wawo, ndipo iwo anamupatsa ndalama zasiliva 70 zochokera m'kachisi wa Baala-Beriti. Ndi ndalamazo analemba ganyu anthu opanda pake, napha abale ake pa mwala umodzi, kupatula Yotamu wamng'ono amene anabisala, ndipo anamulonga ufumu pafupi ndi mtengo waukulu wa ku Sekemu. Analamulira zaka zitatu zokha, nakangana ndi omwe anamulongawo, naononga mzinda wawo, ndipo anafera ku Tebezi pamene mkazi wina anamuponyera mwala wa mphero pamutu kuchokera pansanja. Abiezere ndi Sekemu onse ali m'mndandanda wa zidzukulu za Makiri, motero nkhondoyi inali ya pachibale.

M'masiku a Davide dzina la kholo lija likumvekanso tsidya la kum'mawa mwa Makiri wina, mwana wa Amieli wa ku Lodebara, amene anasunga m'nyumba mwake Mefiboseti, mwana wolumala miyendo wa Yonatani, nyumba ya Sauli itagwa. Davide atathawira ku Mahanaimu pothamangitsidwa ndi Abisalomu, Makiri yemweyu pamodzi ndi Sobi wa ku Raba ndi Barizilai Mgileadi anamubweretsera mphasa zogonera, mabeseni ndi miphika, tirigu, barele, ufa, nyemba, uchi, mafuta a mkaka ndi nkhosa, zimene zikusonyeza chuma cha akuluakulu a dziko limenelo. Solomo pogawa ufumu wake m'zigawo 12 zodyetsa nyumba ya mfumu mwezi umodzi pachaka, anaika nduna ku Ramoti-Gileadi yoyang'anira midzi ya Yairi ndi mizinda 60 ya malinga ndi mipiringidzo yamkuwa, ndipo nduna ina inapatsidwa dziko lonse la Heferi. Apa maina a m'mndandanda wa makolo asanduka maina a m'kaundula wa msonkho.

Mwa ana asanu a Zelofehadi, dzina limene linakwera koposa ndi la Tiriza, wotsiriza kutchulidwa m'mndandanda. Ufumu utagawanika, mzinda wa Tiriza unakhala likulu la mafumu a kumpoto: Baasa analamulira ndi kuikidwa m'manda kumeneko, mwana wake Ela anaphedwa kumeneko ali chiledzerere, ndipo Zimiri amene anamupha anakhala pampando masiku 7 okha asanadzitenthere m'nyumba yachifumu. Omuri anakhalamo zaka 6, kenaka anagula phiri kwa Semeri ndi matalente awiri a siliva namangapo Samariya. Akatswiri ambiri ofukula zakale amagwirizana kuti Tiriza ndi chitunda cha Tell el-Far'ah, kumpoto chakum'mawa kwa Nablus, chimene Roland de Vaux anafukula pakati pa 1946 ndi 1960.

Umboni woposa wonse wakuti maina amenewa anali malo enieni unatuluka m'nthaka mu 1910, pamene gulu la pa yunivesite ya Harvard lotsogozedwa ndi George Reisner linkafukula nyumba yachifumu ya ku Samariya ndipo linapeza mapale pafupifupi 100 olembedwa ndi inki, amene oposa 60 mwa iwo amawerengeka. Mapale a mitsuko yosweka ndiwo anali pepala lotsika mtengo la masiku amenewo, ndipo mlembi wa m'nkhokwe ya mfumu ankatola phale lokwana m'dzanja n'kulembapo mizere iwiri, itatu kapena inayi yonena chaka cha ulamuliro wa mfumu, mudzi umene katundu wachokera, dzina la munthu wokhudzidwa, ndi katunduyo, amene anali mtsuko wa vinyo wokhalitsa kapena wa mafuta oyengedwa bwino. Mapale a chaka cha 9 ndi cha 10 amatchula katunduyo, pamene a chaka cha 15 amatchula dzina la banja lalikulu la chigawocho, ndipo maina amene akuwerengeka ndi Abiezere, Heleki, Asirieli, Sekemu, Semida, Nowa ndi Hogila. Heferi sakupezekamo, koma m'malo mwake muli awiri mwa ana a Zelofehadi, monga momwe magawo 10 a m'buku la Yoswa amanenera. Reisner anaganiza kuti mapalewa ndi a m'nthawi ya Ahabu, koma akatswiri a pambuyo pake anawaika m'zaka zoyambirira za m'ma 700 Khristu asanabadwe, m'masiku a Yowasi kapena Yerobowamu wachiwiri, ndipo lero amasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ku Istanbul. Mlembi amene anawalemba sankafuna kutsimikizira buku lililonse, ankangowerenga mitsuko, ndipo n'chifukwa chake umboni wake ndi wolemera.

Pamene a kumadzulo ankatumiza vinyo ku Samariya, abale awo a kum'mawa anali atatopa kale ndi nkhondo. Ahabu anavulazidwa mpaka kufa pomenyera Ramoti-Gileadi, Yehu anadzozedwa ufumu mumzinda womwewo ali pa ulonda, ndipo m'masiku ake Hazaeli mfumu ya ku Damasiko analanda dziko lonse la tsidya lija, Gileadi ndi Basani yemwe. Mneneri Amosi anaimba mlandu Damasiko wopuntha Gileadi ndi zopunthira zachitsulo, ndi Aamoni wotumbula akazi apakati a kumeneko pofuna kukuza malire awo. Agileadi nawo sanali ongomenyedwa, pakuti Peka polanda ufumu ku Samariya anali ndi amuna 50 a kwawoko. Koma ndi m'masiku a Peka yemweyo pamene Tigilati-Pilesere wachitatu wa ku Asuri, m'nkhondo za m'zaka za 733 ndi 732 Khristu asanabadwe, analanda Gileadi ndi Galileya natenga anthu ake ukapolo. Buku loyamba la Mbiri limati Arubeni, Agadi ndi theka la fuko la Manase anatengedwa kupita ku Hala, Habori, Hara ndi kumtsinje wa Gozani. Samariya anagwa patapita zaka pafupifupi 10, ndipo Sarigoni wachiwiri anadzitama m'zolemba zake kuti anatengako anthu 27,290.

Si onse amene anachoka. Buku lachiwiri la Mbiri limati ena a ku Manase anavomera kuitana kwa Hezekiya napita ku Yerusalemu kukadya Paskha, ndipo Asamariya, amene lero ndi anthu osafika 1,000 okhala pa phiri la Gerizimu ndi mumzinda wa Holon, amadziwerengera kwa Efraimu, Manase ndi Levi. Koma mindandanda ya banja la Makiri inafika kwa wolemba Mbiri itaduka kale, pakuti dziko limene inkaimira linali litachoka m'manja mwa eni ake: m'ndime yake Maaka akutchedwa mlongo pena, mkazi wa Makiri pena, ndipo mzere wa ana ake Peresi ndi Seresi umangofika kwa Ulamu ndi Bedani n'kuthera pomwepo. Dzina lina la ku Gileadi linapulumuka ukapolo wa ku Babulo kudzera mwa mkazi. Buku la Ezara limasimba za banja la ansembe limene kholo lake linakwatira mmodzi wa ana aakazi a Barizilai Mgileadi ndi kutenga dzina la apongozi ake. Atabwerera ku Yerusalemu anthuwa anafunafuna maina awo m'kaundula wa mibadwo koma sanawapeze, ndipo bwanamkubwa anawaletsa kudya zopatulika kwambiri mpaka padzapezeke wansembe wofunsira mwa Urimu ndi Tumimu, zipangizo zimene mkulu wa ansembe ankagwiritsa ntchito pofuna kudziwa chifuniro cha Yehova.